Mmene mungapitire ku chikondwerero cha mbalame ku Ohio osabwerako mutangoona misana ya anthu

Chaka chilichonse kumayambiriro kwa Meyi, anthu miyandamiyanda amakhamukira m'mphepete mwa nyanja ya Erie, kumpoto chakumadzulo kwa Ohio, ku chikondwerero cha masiku 10 chotchedwa The Biggest Week in American Birding. Chimakonzedwa ndi bungwe la Black Swamp Bird Observatory, ndipo chinayamba mu 2010. Chimene chimawakoka ndi timbalame totchedwa warbler, tating'ono ngati timba koma tamitundu yowala ngati zitenje za pa ukwati. Timachokera ku Central America, ku South America ndi ku zilumba za Caribbean, tili pa ulendo wopita kumpoto kukaswa, ndipo timatera pano kuti tidye tisanawoloke nyanjayi.

Opita koyamba ambiri amabwerako ndi dandaulo lofanana: aliyense amaloza n'kumati "iyo, iyo!", iwo akungoona masamba. Ine ulendo wanga woyamba ndinaima maola atatu pa mlatho wa matabwa wodutsa m'nkhalango ya ku Magee Marsh, dambo limene ambiri amakaonerako mbalamezi, mano akugundana ndi chisanu, magalasi oonera patali obwereka ali lendelende m'khosi, ndipo zimene ndinaziona bwinobwino tsikulo ndi zipewa za anthu. Ndinali nditalakwitsa zinthu ziwiri ndisananyamuke n'komwe. Magalasiwo ndinali ndisanawaphunzire, ndipo tsiku ndinalisankha poyang'ana kalenda, osayang'ana mphepo.

Malangizowa ndalembera makamaka ife okhala kuno ku America. Kuchokera ku South Bend, kumene Amalawi tilipo ambiri, ndi ulendo wa maola pafupifupi atatu pa galimoto. Ochokera ku Detroit ndi ku Cleveland ali pafupi kuposa pamenepo.

Zoti mukhale nazo

- Magalasi oonera patali, amene kumeneko aliyense amangowatcha binoculars. Funani olembedwa 8x42. Nambala yoyambayo ikunena kuti chinthu amachikulitsa maulendo 8, yachiwiriyo ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Musakopeke ndi a 12 kapena 16 poganiza kuti ndiwo amphamvu. Amenewo amagwedera m'manja ndipo amaonetsa kadera kochepa, moti kambalame kakangodumpha kamodzi, mwakataya.
- Foni yokhala ndi mapulogalamu awiri: Merlin Bird ID, yothandiza kudziwa dzina la mbalame, ndi eBird, yolembamo mbalame zimene mwaona. Zonse ziwiri n'zaulere, za Cornell Lab of Ornithology. Nyamulaninso batire lapadera lotchajira.
- Zovala zosanjikiza: malaya, juzi, jekete losalowa madzi, chipewa, ndi magolovesi opepuka.
- Nsapato zotseka ndi sokosi zazitali.
- Mankhwala opopera othamangitsa udzudzu ndi nkhupakupa.
- Madzi, kamba, ndi tiyi wotentha mu flasiki.
- Kabuku kolowa m'thumba ndi pensulo. Bolopeni imakana kulemba papepala lonyowa.
- Galimoto. Malo onse amene nditchule ndi a kumudzi, kulibe basi.

Kamera ndaisiya dala. Ulendo woyamba muli ndi manja awiri okha, ndipo onse ali ndi ntchito.

1. Phunzirani magalasi muli kunyumba

Izi chitani kutatsala milungu iwiri, osati muli kale pa mlatho anthu akukugundani zigongono.

Yambani ndi timphete tofewa ta kumene mumaika maso. Ngati mumavala mandala, tipotozeni titsike. Ngati simuvala, tikwezeni. Kenako pindani magalasiwo pakati, kuwatambasula kapena kuwapanikiza, mpaka maso onse awiri aone bwalo limodzi lozungulira. Mukaona mabwalo awiri kapena mthunzi wakuda m'mbali, simunawafikitse.

Tsopano sankhani chikwangwani cholembedwa chimene chili patali pang'ono. Phimbani galasi lakumanja, muzungulitse kagudumu kapakati mpaka diso lakumanzere liwerenge bwino. Ndiye phimbani lakumanzere, ndipo osakhudzanso kagudumu kapakati kaja, zungulitsani mphete imene ili pa galasi lakumanja mpaka nalonso liwerenge bwino. Mpheteyo mwathana nayo, musadzaikhudzenso. Ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo, ndipo ndi amene amabwerako mutu ukuwawa.

Chovuta chenicheni ndi ichi. Mukaona mbalame, maso anu asachoke pa iyo. Musayang'ane pansi kufunafuna magalasi. Akwezeni afike kumaso kwanu maso ali chiyang'anire pamalo omwewo. Zikumveka zachibwana, koma thupi limakana. Mutu umafuna kuwerama. Yeserani pa nambala ya nyumba ya aneba, pa tsamba limodzi, pa mbalame iliyonse yotera pa waya, mphindi 10 tsiku lililonse. Timbalame ta warbler sitikhala panthambi imodzi masekondi oposa awiri kapena atatu, ndiye dzanja likazengereza mupeza nthambi ikugwedera yokha.

Chenjezo: ngati mukufuna kugula magalasi odula, dikirani. Pa chikondwererochi pamabwera ogulitsa ambiri ndipo amalola kuyesa. Phunzirirani pa obwereka kapena otchipa, mukagule mutadziwa chimene manja anu akufuna.

2. Sankhani masiku, osati tsiku limodzi

Mbalamezi sizibwera zonse pamodzi. Zimafika m'magulu atatu. Gulu loyamba limafika kumapeto kwa Epulo, ndipo mumachuluka Yellow-rumped Warbler ndi Palm Warbler. Lachiwiri, limene chikondwererochi chimalunjika, limafika cha m'sabata yachiwiri ya Meyi, ndipo ndi limene lili ndi mitundu yambiri: Magnolia, Chestnut-sided, Cape May, Blackburnian ndi ina. Tsiku labwino m'sabata imeneyi munthu amatha kuona mitundu ya warbler yoposa 20. Lachitatu limafika chakumapeto kwa Meyi, masamba atakula kale, ndipo ndi la anthu odziwa kale, chifukwa mumachuluka zazikazi zosawala ndi mitundu yokonda kubisala ngati Mourning ndi Connecticut.

Koma kalenda imangokuuzani sabata. Tsiku lenileni imasankha ndi mphepo. Timbalameti timauluka usiku, ndipo timadikira mphepo yotikankha kumbuyo. Apa ife a ku Malawi tiyenera kutembenuza zimene tinazolowera. Kwathu mwera ndiye wozizira, wovundula nyanja. Ku Ohio mphepo yochokera kum'mwera ndi yofunda, ndipo ndi imene imanyamula mbalame. Ikaomba usiku wonse, m'mawa mwake mitengo imakhala yodzaza. Mpoto ndiye wachisanu. Ukaomba masiku atatu otsatizana, sipabwera mlendo watsopano, ngakhale kuti amene anafika kale amakakamira pomwepo osawoloka.

N'chifukwa chake ndimati konzani masiku atatu, kapena awiri ngati tchuthi chavuta. Mwa atatuwo, limodzi likhoza kukugwerani bwino. Ndipo ngati kuntchito angakuloleni, sankhani pakati pa sabata. Loweruka lachiwiri la Meyi ndi tsiku lokumbukira mbalame zosamukasamuka pa dziko lonse, Lamlungu lachiwiri ndi tsiku la amayi ku America, ndipo masiku amenewo pa mlatho pamakhala ngati pa msika wa Limbe madzulo a Khirisimasi.

3. Pezani pogona, kenako lembetsani

Pogona ndi pamene pamayamba kutha, miyezi ingapo chikondwerero chisanafike. Likulu la zochitika limakhala ku Maumee Bay Lodge, m'tauni yotchedwa Oregon. Samalani polemba pa foni: iyi ndi Oregon ya ku Ohio, yoyandikana ndi Toledo, osati dera lalikulu lija la kumadzulo kwa dziko. Kukadzaza kumeneko, yang'anani ku Port Clinton, ku Fremont kapena ku Toledo komweko. Okonda kugona mu tenti angapeze malo ku Maumee Bay State Park.

Za kulembetsa, dziwani izi poyamba: kulowa ku Magee Marsh ndi kuyenda pa mlatho n'kwaulere. Simufunika tikiti ya chikondwerero kuti muone mbalame. Mumalembetsa ngati mukufuna maulendo otsogoleredwa ndi akatswiri, maphunziro, ndi nkhani zamadzulo. Kulembetsa kumatsegulidwa kumayambiriro kwa chaka pa tsamba la chikondwererochi, ndipo maulendo otchuka sachedwa kudzaza.

Maganizo anga ndi akuti woyamba kumene alembetse ulendo umodzi wokha wa oyamba kumene, pa tsiku loyamba, basi. Ndaona anthu atadzaza ndandanda kuyambira mbandakucha mpaka usiku, ndiye mbalame zitagwa ngati mvula pa mlatho iwo ali m'chipinda akuonera zithunzi za mbalame zomwezo pakhoma.

4. Usiku woti mawa mupita, funsani mphepo

Tsegulani tsamba la BirdCast. Limagwiritsa ntchito makina oonera nyengo kuyerekeza kuchuluka kwa mbalame zimene ziuluke usiku umenewo ndi mausiku awiri otsatira, ndipo limaonetsa pa mapu. Kumene kwawala kwambiri ndi kumene kukudutsa zambiri. Yang'ananinso zanyengo za ku Oak Harbor, tauni yapafupi ndi Magee Marsh, kumbali imene mphepo ichokere usiku.

Mphepo ya kum'mwera kapena kum'mwera chakumadzulo: gonani msanga, mawa ndi la Magee Marsh. Ndipo ngati akunena kuti mvula igwa cha m'bandakucha pambuyo pa mphepo yotereyi, musakhumudwe, sangalalani. Mvula imakakamiza mbalame zimene zili m'mwamba kutera, ndipo masiku amene anthu amawasimba kwa zaka amakhala otere. Mphepo ya kumpoto: musathamange. Mbalame zimathawa mbali yoomba mphepo n'kukabisala kumbali yotchingika ya nkhalango kapena kumtunda, kutali pang'ono ndi nyanja. Tsiku lotere ndi loyendera malo amene ndatchula pa mutu wa nambala 9 m'munsimu.

Usiku womwewo tsitsirani mu Merlin mndandanda wa mbalame za dera limeneli mukadali pa intaneti yabwino. M'dambo netiweki si yodalirika, makamaka anthu akachuluka.

5. Lawirani, ndipo valani ngati mukupita ku Dedza mu Juni

Msewu wolowera ku Magee Marsh umapatuka pa State Route 2, pakati pa Toledo ndi Port Clinton. Ofesi ya Black Swamp Bird Observatory ili pompo polowera. Kuchokera apo mumadutsa pakati pa dambo mpaka poimika magalimoto pafupi ndi gombe. Yendetsani pang'onopang'ono, atsekwe amawolotsa ana awo pamsewu. Musaime pakati pa msewu kuti muone kakowa; kumbuyo kwanu kuli mzere wa magalimoto.

Fikani dzuwa likungotuluka, cha m'ma 6:30. Ochokera ku Chicago kumbukirani kuti wotchi ya ku Ohio ili patsogolo ndi ola limodzi.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa ndi mawu akuti Meyi. Madzi a nyanja ya Erie amakhala akadali ozizira kwambiri mwezi umenewu, ndipo kamphepo kochokera kunyanjako kamalowa mpaka m'mafupa. M'mawa mukhoza kuona mpweya wa m'kamwa mwanu, masana n'kumafuna kuvula jekete. Munthu wozizidwa sagwira magalasi mosagwedera. Komatu chisanu chomwechi ndicho chimatithandiza: chimachedwetsa masamba a mitengo ya m'mphepete mwa nyanja, moti mbalame zimaonekera pa nthambi zosavala.

Musanalowe pa mlatho, yendani kaye m'mphepete mwa nkhalango, kumbali ya poimika magalimoto. Anthu amathamangira mlatho n'kusiya mbalame kumbuyo kwawo. Yang'ananinso m'mwamba mwa mitengo italiitali: pali zisa zikuluzikulu za Bald Eagle, chiwombankhanga cha mutu woyera chimene mukangochiona mukumbuka nkhwazi.

6. Pa mlatho, yendani ngati nkhono

Mlathowu ndi wautali pang'ono kuposa kilomita imodzi, ndipo uli ndi khomo la kumadzulo ndi la kum'mawa. La kumadzulo ndi limene limadzaza kwambiri. Ngati simukonda kupanikizana, lowerani kum'mawa.

Kilomita imeneyo ikutengereni maola atatu. Mukaimaliza m'mphindi 40, mwangopanga masewera olimbitsa thupi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mwambiwu umagwira ntchito mmene ulili. Yendani mapazi 10, imani, tsamirani chogwirira, magalasi ali pachifuwa. Yang'anani ndi maso okha, osalunjika pa chinthu chimodzi, mpaka china chake chigwedere mosiyana ndi mmene mphepo ikugwedezera masamba. Pamenepo kwezani magalasi monga munaphunzirira. Osasesa mitengo ndi magalasi mwachisawawa kufunafuna mbalame. Maso okha amaona dera lalikulu kuposa galasi.

Chimene chinatchukitsa malo ano n'chakuti timbalame timene kwina timakhala kunsonga kwa mitengo, pano timatsika kufika pamaso pa munthu. Kambalame kolemera magalamu 10 okha kauluka usiku wonse, kali ndi njala, ndipo kakutolatola tizilombo touluka tonga nkhungu za ku nyanja yathu, timene timaswana m'damboli. Sikakusamalani. Nthawi zina kamayandikira mpaka magalasi amakanika kukaonetsa bwino. Zikatero atsitseni, mungokayang'ana. Musatambasule dzanja.

Yang'ananinso pansi. Pa masamba ouma pamayenda Ovenbird ndi mbalame za mtundu wa thrush, ndipo pamabisala American Woodcock, ya mlomo wautali, yofanana ndi masamba moti mukhoza kuiyang'ana mphindi zisanu osaiona. Kuyang'ana pansi kumapumitsanso khosi. Kuwawa kwa khosi chifukwa chogadamira mitengo n'kodziwika kwambiri pakati pa oonera mbalame, mpaka anakupatsa dzina lakelake.

Mukaona anthu aunjikana, pali chinthu. Kawirikawiri ndi kadzidzi wamng'ono wotchedwa Eastern Screech-Owl ali mtulo pa mphako. Ndikudziwa zimene ena a ife tinauzidwa za kadzidzi tili ana. Uyu muoneni ndithu, ndi wamfupi ngati chikho cha tiyi chachikulu. Dikirani nthawi yanu, muone, musunthe kuti wina aone.

7. Funsani, ndipo phunzirani kuloza ndi wotchi

Safunsa anadya phula. Anthu a pa mlathowu amakonda kufunsidwa. Ambiri amasangalala kuonetsa mlendo mbalame kuposa kuiona okha. Ingonenani kuti ndinu woyamba, mufunse chimene akuyang'ana. Pamakhalanso otsogolera a chikondwerero amene ntchito yawo ndi yomweyo.

Yankho lake lidzabwera m'njira imene imasokoneza ngati simunaimvepo. Mtengo amauyesa wotchi yapakhoma. Nsonga ndi 12, kumanja ndi 3, kumanzere ndi 9, pansi ndi 6. Akati mbalame ili pa 2 koloko mu mtengo wopindika uwo, yang'anani kumtunda chakumanja. Choyamba gwirizanani za mtengo wake. Theka la kusamvana konse kumachokera poti wina akunena mtengo uwu, wina akuyang'ana uwo. Inunso mukaona kanthu, lozani chimodzimodzi, ndi mawu otsika, osatambasula mkono mwadzidzidzi.

Pa zogwirira za mlatho panalembedwa manambala. Mukamva kuti mbalame yakutiyakuti yaoneka pa nambala yakuti, ndi amenewo.

8. Musaloweze buku lonse, dziwani zisanu ndi zitatu

Mitundu ya warbler imene imadutsa pano pa nyengo yonse imaposa 30. Mukafuna kuidziwa yonse ulendo umodzi, simudziwa ndi umodzi womwe. Yambani ndi amphongo a mitundu iyi, poti ndi amene ali ndi zizindikiro zosasokoneza:

- Yellow Warbler: wachikasu thupi lonse, timizere tofiirira pachifuwa. Ali paliponse, ena amaswa pompano.
- Yellow-rumped: kachigamba kachikasu pamwamba pa mchira, koonekera akamauluka.
- Palm: amagwedeza mchira osalekeza, kawirikawiri pafupi ndi pansi.
- Black-and-white: mizere yakuda ndi yoyera ngati mbidzi, ndipo amakwawa pa thunthu la mtengo.
- American Redstart: wakuda ndi zigamba za mtundu wa lalanje, amatambasula mchira ngati chokupizira.
- Chestnut-sided: chipewa chachikasu, m'nthiti mofiirira.
- Magnolia: pamimba pachikasu, mizere yakuda yotsika kuchokera pakhosi ngati mkanda.
- Blackburnian: pakhosi ngati khala lamoto. Uyu amachokera kutali, ku mapiri a Andes. Tsiku limene ndinamuona koyamba ndinaiwala kuti zala zanga zachita dzanzi.

Mukaona kambalame kosadziwika, musathamangire foni. Kayang'aneni mpaka kachoke kokha, mukudziuza chamumtima: pakhosi mtundu wanji, pa phiko pali mizere yoyera kapena ayi, pankhope pali chiyani, kakudya m'mwamba kapena pansi. Kakapita, lembani m'kabuku, kenako fufuzani. Foni ikhalapobe, mbalame siikhalapo. Mlendo ndi mame.

Merlin ali ndi mbali yomvetsera kulira kwa mbalame n'kukuuzani dzina. Ndi yothandiza pokudziwitsani choti mufunefune, koma imaphonya, makamaka pamene mbalame zambiri zikuimba pamodzi anthu akuyankhula. Dzina limene foni yatchula si mbalame imene mwaiona. Musailembe mpaka maso anu atsimikize.

Pali mbalame imodzi imene idzakuyesani. Kirtland's Warbler ndi wosowa kwambiri: amaswa makamaka m'nkhalango za paini wamng'ono ku Michigan, nyengo yozizira amakaithera ku Bahamas, ndipo anachotsedwa pa mndandanda wa zamoyo zotsala pang'ono kutha mu 2019. Akaoneka mmodzi, uthenga umafalikira pa mafoni ndipo mlatho umakhuthuka ngati kwagwa moto. Ngati ali pafupi, pitani. Ngati ali kutali makilomita 30, langizo langa ndi lakuti khalani. Mlatho wonse watsala ndi inu, ndipo mitundu khumi imene simunaionepo ikadali pomwepo.

9. Masana, sinthani malo

Cha m'ma 11 koloko anthu amakhala atachuluka, miyendo yatopa. Idyani kamba wanu ku gombe. Ku mapeto a kumadzulo a poimika magalimoto kumayambira kanjira ka Crane Creek Estuary, kamene kamakhala ndi mbalame zomwezo koma anthu ochepa.

Kenako sankhani amodzi mwa malo awa, osati onse. Ottawa National Wildlife Refuge ndi yoyandikana ndi Magee Marsh, ndipo masiku ena amatsegula msewu woyenda ndi galimoto pakati pa madamu; ndi wabwino kwa okalamba, ana, ndi tsiku lamvula. Metzger Marsh ili ndi kankhalango kakang'ono kumapeto kwa msewu, pafupi ndi nyanja, kamene kamadzaza timbalame. Howard Marsh ndi ya mbalame za m'madzi ndi za m'matope, kulibe mthunzi. Maumee Bay State Park ili ndi mlatho wakewake wa matabwa. Oak Openings, kumadzulo kwa Toledo, ndi dziko lina: mchenga ndi mitengo ya oak, kumene mungaone Red-headed Woodpecker, gogomole wa mutu wofiira ngati tomato. Kumeneko ndi kumene ndimapita tsiku la mpoto.

Ngati mphamvu zilipo, bwererani ku Magee cha m'ma 5 koloko madzulo. Ambiri amakhala atapita kukadya, dzuwa limawala chammbali, ndipo timbalame timadya mwakhama kukonzekera ulendo wa usiku.

10. Musanagone

Dzifufuzeni nkhupakupa, makamaka ngati munayenda m'maudzu: kumbuyo kwa mawondo, m'chiuno, m'khwapa, m'tsitsi. Zina n'zazing'ono ngati kanjere ka chitowe ndipo zimafalitsa matenda a Lyme. Mukapeza yoluma, ikokeni ndi kopanira mowongoka, pafupi ndi khungu, osaipotoza kapena kuiotcha. Pakatuluka chizindikiro chofiira chomakula kapena mukatentha thupi masiku otsatira, kaonaneni ndi dokotala.

Kenako lowetsani mu eBird zimene mwaona, zokhazo zimene mukutsimikiza, mutsegulenso BirdCast.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kubwerera chifukwa cha mvula. Mvula yowaza siithamangitsa mbalame, imathamangitsa anthu. Valani jekete, koma ambulera isiyeni m'galimoto. Pa mlatho wopapatiza imatchinga ena ndi kulasa maso. Bingu likagunda, pamenepo tulukani pansi pa mitengo.

Kuliza nyimbo ya mbalame pa foni kuti iyandikire. Musayerekeze. Kambalame kotopa kamasiya kudya n'kumafunafuna mdani amene kulibe, ndipo pa mlatho wa anthu ambiri chotere mudzadzudzulidwa pompo.

Kutsika pa mlatho kuti muone bwino. Mupondereza zomera ndi zisa za pansi, ndiponso pali poison ivy, chomera cha masamba atatuatatu chimene chimayabwa kuposa chitedze, ndipo matuza ake amatha milungu.

Kutseka njira. Chikwama chachikulu kumsana ndi miyendo itatu yoimikira kamera ndi zimene zimakwiyitsa anthu kwambiri. Pamadutsanso anthu a pa njinga za olumala. Galu musiyeni kunyumba.

Kubwera ndi gulu la anthu 15 n'kumayenda pamodzi. Ife timakonda kuyenda chigulu ndipo nkhani sizitithera, koma pa mlatho gawanani atatuatatu, mudzakumane ku gombe pa nkhomaliro. Ana abwere ndithu. Apatseni magalasi awoawo opepuka ndi mbalame zitatu zoti asake, ndipo akatopa pakatha ola limodzi, apite akaponye miyala m'nyanja.

Kuganiza zowolokera ku Point Pelee mwadzidzidzi. Mudzamva anthu akutama malo amenewo, kutsidya kwa nyanja, ndipo kumakhaladi chikondwerero china mwezi womwewu. Koma kumeneko ndi ku Canada. Onetsetsani kuti pasipoti ndi zikalata zanu zikukulolani kulowa ndiponso kubwerera musanalunjike mlatho wa ku Detroit.

Kutola nthenga. Ambiri a ife tinakula ndi legeni m'thumba ndi ulimbo m'chitini, ndipo nthenga yokongola ili pansi dzanja limapita lokha. Lamulo la ku America la mu 1918 loteteza mbalame zosamukasamuka limaletsa kusunga nthenga, mazira kapena zisa za mbalame zimenezi popanda chilolezo, ngakhale mwangotola. Ijambuleni pa foni, muisiye pomwe ili.